Kodi mawu akuti "n'kulakwa" amakhala oona, kapena munthu amangokhala akutsonya?

Funso la lero lachokera kwa bambo wina wa m'mbali mwa nyanja ya Malombe, amene ali m'komiti yoyang'anira usodzi pagombe la kwawo. Alemba kuti: "Tinalanda neti ya udzudzu kwa anyamata amene ankakokolola nayo kasawala. Madzulo ake mwana wa mchemwali wanga, yemwe ali kukoleji, anandiuza kuti ndikamati kupha tiana ta chambo n'kulakwa, sindikunena zoona kapena zabodza, ndikungotulutsa zakukhosi kwanga. Akuti chabwino ndi choipa chenicheni kulibe, aliyense ali ndi maganizo ake. Ndinasowa chomuyankha. Kodi akunena zoona?"

Bambo, choyamba mtima ukhale m'malo, mwanayo sanakuchiteni chipongwe. Zimene wanenazo zili ndi eni ake, anthu ophunzira kwambiri amene anazilemba ndi mtima wonse, ndipo m'kalasi ya filosofi timatha masabata tikulimbana nazo. Ine ndimakhulupirira kuti analakwitsa, ndipo kuti mawu akuti "n'kulakwa" amatha kukhala oona kapena abodza. Koma sindikufuna kuti mungotenga yankho langa n'kukamuopseza nalo monga atsibweni ake. Ndi bwino muone kumene maganizo akewo anachokera ndi pamene amagwera.

Pa zimene munanena pagombe paja pali zinthu ziwiri. China n'chakuti neti ya udzudzu ili ndi maso ang'onoang'ono, imagwira chambo chisanakule n'kuyamba kuswana, ndipo anthu ambiri akamatero nsomba zimatha. Izi mukhoza kuzionetsa munthu ndi maso, ndipo aliyense amene wakhala ku Malombe zaka zambiri akudziwa mmene chambo chinachepera. Chinacho n'chakuti kuchita zimenezi n'kulakwa. Apa ndiye pagona nkhani. Mukayala kasawala pathandala mudzaona kuchuluka kwake, mukamuika pasikelo mudzaona kulemera kwake, koma "kulakwa" simudzakuona pasikelopo. David Hume wa ku Scotland analemba za kusiyana kumeneku m'chaka cha 1740. Anati anthu olemba za makhalidwe amayamba ndi kufotokoza mmene zinthu zilili, kenaka mwakachetechete n'kudumphira ku mmene zinthu ziyenera kukhalira, osanena mlatho umene aolokera.

Amene anaitengera nkhaniyi patali kwambiri ndi A. J. Ayer wa ku England, m'buku limene anatulutsa mu 1936 ali ndi zaka 25 zokha. Iye ankati chiganizo chimakhala ndi tanthauzo lenileni ngati chingatsimikizidwe ndi zimene timaona ndi kukhudza, kapena ngati chili choona chifukwa cha matanthauzo a mawu ake okha. Mawu a makhalidwe sakwanira m'magulu awiriwa. Ndiye anati ukauza munthu kuti "unalakwa kuba ndalama zija," sunanene china chilichonse choposa "unaba ndalama zija," wangoonjezerapo kamvekedwe konyansidwa. M'Chichewa tili ndi chinthu chofanana ndendende ndi zimene ankatanthauza, ndicho kutsonya. Mayi akaona mwana wataya ufa n'kutsonya, palibe amene angamufunse kuti, "Kodi mwatsonya zoona kapena zabodza?" Kwa Ayer, mawu akuti "n'kulakwa" ndi kutsonya kumene kwavala zovala za chiganizo. Ena anakonzako pang'ono maganizowa. Charles Stevenson wa ku America anati timalankhula choncho pofuna kukopa anzathu kuti amve mmene ife tikumvera, ndipo R. M. Hare mu 1952 anati mawu otere ali ngati lamulo loti "usatero," lokhudza aliyense amene ali pamalo ofanana. Kulamula nakonso sikukhala koona kapena konama.

Anthu amenewa anaona chinthu chenicheni. Mawu a makhalidwe amagwira mtima ndipo amamuyendetsa munthu. Wina atanena kuti "kupha kasawala n'kulakwa" uku akukoka neti yake mosangalala, tikhoza kukayika ngati akunenadi kuchokera pansi pa mtima. Chiganizo chakuti "mtsinje wa Shire umatuluka m'nyanja ya Malawi n'kudutsa m'nyanja ya Malombe" sichikakamiza munthu kuchita kanthu, pamene "n'kulakwa" amakoka dzanja. Mpaka pamenepo ndikugwirizana nawo.

Koma tamverani mmene anthu amalankhulira pabwalo la amfumu. Nyakwawa ikhoza kunena kuti: "Ngati kukokolola kasawala n'kulakwa, ndiye kuti kutuma ana kuti akakokolole n'kulakwanso. Tonse tavomereza kuti kukokolola kasawala n'kulakwa. Choncho bambo awa, amene anatuma ana awo, alakwa." Aliyense pabwalopo akumva kuti mfundozi zalumikizana bwino, ndipo amene wavomera ziwiri zoyambazo sangathawe yachitatuyo. Tsopano yesani kuikapo kutsonya. M'chiganizo choyamba chija, chimene chayamba ndi "ngati," nyakwawa sinatsonye chilichonse, sinanenebe kuti ikunyansidwa. Munthu amene sakuona vuto ndi kasawala akhozanso kuchinena chiganizo chimenecho osadzitsutsa. Ndiye ngati "n'kulakwa" amangotanthauza kunyansidwa, mawuwa ali ndi tanthauzo lina m'chiganizo choyamba ndi linanso m'chachiwiri, ndipo mfundo ya nyakwawa ija yaduka pakati. Koma tonse tikudziwa kuti sinaduke. Peter Geach ndiye anaika vutoli poyera bwino mu 1965, potengera maganizo a Gottlob Frege wa ku Germany, ndipo kuyambira pamenepo otsatira a Ayer akhala akuvutika nalo.

Palinso zina zimene timachita ndi mawu amenewa zomwe kutsonya sikungathe. Timafunsa nawo mafunso. Munthu amagona osapeza tulo, akudzifunsa kuti, "Kodi ndinalakwa kumuthamangitsa mwana uja pakhomo?" Iye akudziwa kale mmene akumvera, chimene akufuna kudziwa n'chakuti kodi anachita bwino kapena ayi. Timasinthanso maganizo n'kunena kuti "ndinali wolakwa," osati "kale ndinkamva mwina, lero ndikumva mwina," ngati munthu amene ankakonda utaka tsopano akukonda mcheni. Ndipo timanamizirana. Mayi amabwera pabwalo akulira kuti, "Apongozi anga akundinamizira kuti ndine wankhanza kwa ana a mwamuna wanga." Bwalo limaitana mboni, limafunsa ngati anawo amadya, ngati amamenyedwa, ndipo limatha kupeza kuti mayiyo wanamiziridwadi. Mawu ngati nkhanza, chinyengo, umbombo, kuba ndi chifundo amafotokoza zimene zachitika komanso amaweruza nthawi imodzi, moti simungawang'ambe pakati kuti mbali iyi ndi umboni, mbali iyo ndi zakukhosi. Munthu sanganamiziridwe ndi chinthu chimene sichingakhale chabodza.

Mwanayo akamva izi mwina adzathawira kwa munthu wina wamphamvu kuposa Ayer. J. L. Mackie wa ku Australia, mu 1977, anavomera zonse ndanenazi. Anati inde, tikamati "n'kulakwa" timakhala tikunena chinthu chimene tikuchiyesa choona. Kungoti tonse tinasokera, chifukwa m'dziko mulibe chinthu chotchedwa kulakwa chimene chingapangitse mawuwo kukhala oona. Anapereka zifukwa ziwiri, ndipo choyamba ndi chimene mwanayo wakuuzani kale: anthu amasiyana maganizo kwambiri pa za makhalidwe.

Ife a ku Mangochi sitifunika kuuzidwa kuti anthu amasiyana. Pamsika umodzi pali wina amene nyama ya nkhumba sayandikira ndi wina amene amaweta nkhumbazo. Kuno mwamuna amakakhala kwa mkazi pachikamwini ndipo ana amayang'aniridwa ndi atsibweni awo, pamene ku Mzimba amapereka malowolo ndipo ana ndi a kwa bambo. Koma tayang'anitsitsani kusiyanaku. Wa ku Mzimba ndi wa kwa Chimwala akusiyana pa funso lakuti mwana ndi wa mbali iti, koma onse akugwirizana kuti mwana ayenera kukhala ndi womusamalira, ndipo onse amanyoza munthu wotaya ana. Herodotus, wolemba mbiri wa ku Greece wakale, anasimba za mfumu Darius ya ku Persia imene inafunsa Agiriki kuti angalandire ndalama zingati kuti adye mitembo ya makolo awo, n'kufunsanso anthu ena a ku India amene ankadya mitembo ya makolo awo kuti angalandire zingati kuti aitenthe monga ankachitira Agiriki. Magulu onse awiri anakana monyansidwa. Nkhaniyi imakonda kutchulidwa posonyeza kuti mwambo ndiwo mfumu, koma ine ndimaonamo anthu awiri amene onse akukana kunyoza makolo awo. Kwasi Wiredu, katswiri wa filosofi wa ku Ghana, ankalimbikira kusiyanitsa zinthu ziwirizi: mwambo, umene umasintha dera ndi dera, ndi maziko a makhalidwe, amene mudzi uliwonse umafunika kuti usapasuke.

Ndiponso kusiyana maganizo pakokha sikusonyeza kuti choona palibe. Kwa zaka mazana ambiri anthu ankatsutsana za chimene chimayambitsa malungo, ndipo ku Ulaya ambiri ankati ndi mpweya woipa wa m'madambo. Ronald Ross anapeza tizilombo ta malungo m'mimba mwa udzudzu mu 1897 ali ku India. Nthawi yonse imene anthu ankatsutsanayo udzudzu unkaluma ndithu. Neti imene munalanda ija inapangidwa chifukwa mkangano umenewo unali ndi yankho.

Pali chinthu china chimene chinachitika pa nthaka yathu ino, chomwe chimandilepheretsa kuvomera kuti zonse ndi maganizo a munthu kapena mwambo wa dera. M'zaka za m'ma 1800, anthu ogwidwa ukapolo ankadutsitsidwa m'dera lino, atamangidwa magoli m'khosi, kupita kugombe la nyanja ya mchere ku Kilwa, ena mpaka ku Zanzibar. Boma lathuli linayamba mu 1891 ngati linga la Angerezi lotchedwa Fort Johnston, m'mbali mwa Shire, ndipo chimodzi mwa zolinga zake chinali kutseka njira imeneyo. Panthawiyo malonda a anthu anali ovomerezeka kwa ogula ndi ogulitsa omwe. Mafumu ena ankalemera nawo, amalonda a kugombe ankalemera nawo, eni minda a kutali ankalemera nawo, monganso Azungu analemerera ndi akapolo amene anawaolotsa nyanja ya Atlantic kwa zaka mazana. Ngati chabwino ndi chimene anthu a nthawiyo avomereza, ndiye kuti kugulitsa mtsikana posinthana ndi nsalu ndi onga kunali kwabwino mu 1870, n'kudzakhala koipa pambuyo pake anthu atasintha maganizo. Ndani wa ife angaime pa mlatho wa Bakili Muluzi, kuyang'ana madzi amene anthuwo ankaolotsedwa, n'kunena zimenezo ndi mtima wonse? Mtsikanayo analakwiridwa tsiku lomwelo limene anamangidwa, ngakhale panalibe bwalo lomumvera. Ndipo Angerezi amene anathetsa malondawo anabweretsa zolakwa zawo, msonkho wa nyumba ndi thangata, zimene John Chilembwe anaziukira mu 1915. Chilembwe sankanena kuti iye ndi eni minda angosiyana zokonda. Ankanena kuti anthu akuchitiridwa zosalungama, ndipo tikamamukumbukira pa 15 Januwale timakhala tikuvomereza kuti ankanena zoona.

Mwina muli ndi yankho lachidule mumtima, lakuti choipa ndi chimene Mulungu analetsa, basi. Anthu ambiri akuno, a kumzikiti ndi a kutchalitchi, angayankhe choncho, ndipo yankho limeneli lili kumbali ya amene amati mawu a makhalidwe ndi oona kapena abodza. Koma dziwani kuti okhulupirira nawonso anakambirana zimenezi mozama. Plato, katswiri wa filosofi wa ku Greece wakale, analemba za mphunzitsi wake Socrates akufunsa ngati chinthu chili choyera chifukwa milungu imachikonda, kapena milungu imachikonda chifukwa n'choyera. Zaka zoposa 1,000 zapitazo, akatswiri a Chisilamu ku Basra ndi ku Baghdad anagawanika pa funso lomweli. Gulu la Mu'tazila linkati nzeru za munthu zikhoza kuzindikira kuti chilungamo n'chabwino ndipo kupondereza n'koipa ngakhale chivumbulutso chisanafike. Al-Ash'ari, amene poyamba anali wa gulu lomwelo n'kulisiya, ndi omutsatira ankati chabwino ndi choipa zimakhazikika ndi lamulo la Mulungu. Pakati pa Akhristu, Thomas Aquinas ankaphunzitsa za lamulo lachibadwa limene munthu aliyense angalizindikire ndi nzeru, pamene William wa ku Ockham ankatsindika kwambiri chifuniro cha Mulungu. Onsewa sankakayika kuti "kupondereza wamasiye n'kulakwa" ndi mawu oona. Ankasiyana pa chimene chimawapangitsa kukhala oona. Ndatchula izi chifukwa m'komiti yanu muyenera kuti muli Asilamu ndi Akhristu, ndipo mumagwirizana za kasawala popanda kuyamba mwagwirizana za mabuku oyera.

Chifukwa chachiwiri cha Mackie ndiye cholimba, ndipo sindikufuna kuchipeputsa. Anafunsa kuti: kulakwa kumeneku n'chinthu cha mtundu wanji? Sichioneka, sichilemera, sichipezeka ndi makina alionse, komabe akuti chili ndi mphamvu yolamula munthu aliyense, afune asafune. Chinthu chodabwitsa chotere chingapezeke bwanji m'dziko la madzi, miyala ndi nyama? Ndipo tingachidziwe ndi chiwalo chiti?

Yankho langa lili pawiri. Loyamba, si zoona zonse zimene zimakwera pasikelo. Nambala 7 singagawike mofanana ndi nambala ina kupatula 1 ndi iyo yomwe. Zimenezi n'zoona ku Namwera ndi ku Tokyo, zinali zoona anthu asanayambe kuwerenga, koma palibe amene anaikokapo 7 m'khoka. Lamulo la Ayer lija nalonso, lakuti chiganizo chizitsimikizidwa ndi maso kapena ndi matanthauzo a mawu, silingatsimikizidwe ndi maso kapena ndi matanthauzo a mawu, ndipo ichi ndi chimodzi mwa zifukwa zimene akatswiri ambiri analisiyira. Lachiwiri, mwanayo pokutsutsani akugwiritsa ntchito mawu akuti "muyenera" amene akuwakanawo. Akuti muyenera kutsatira umboni, simuyenera kukhulupirira chinthu popanda chifukwa. "Muyenera" ameneyu sayezekanso pasikelo. Ngati "muyenera" aliyense ndi wabodza, ndiye kuti palibenso chifukwa choti inu mumvere mfundo zake zabwinozo. Akavomera kuti pali zifukwa zenizeni zokhulupirira chinthu, wavomera kale mtundu wa chinthu chimene amati n'chodabwitsa, ndipo sindikuona chimene chingamuletse kuvomera kuti palinso zifukwa zenizeni zochitira kapena kusachita chinthu. Derek Parfit, katswiri wa ku Oxford, anathera zaka zake zomaliza akuteteza mfundo yoti zifukwa zotere zilipodi.

Mukandifunsa chimene chimapangitsa mawu anu a pagombe kukhala oona, sindiloza kumitambo. Ndiloza mwana amene adzabadwe kwa Chimwala zaka khumi zikubwerazi n'kupeza nyanja yopanda chambo, ndi msodzi amene amalemekeza nyengo yotseka nyanja uku mnzake akukokolola usiku zimene onse akanadzagawana. Njala ya mwanayo ndi yeniyeni, ndipo kudyera mnzako masuku pamutu n'chinthu chenicheni. Wiredu ankati muzu wa makhalidwe ndi kudziyesa kuti ndiwe amene zikukuchitikira, n'kuona ngati ungazivomere. Akuluakulu athu ananena zomwezo m'mawu ochepa: chaona mnzako chapita, mawa chili pa iwe. Kuyesa kumeneku kuli ndi mayankho olondola ndi olakwika. Wokokolola kasawala sangafune kuti asodzi onse a Malombe achite zimene iye akuchita, chifukwa phindu lake likudalira kuti ena adziletse.

N'zochititsa chidwi kuti ngakhale adzukulu a maganizo a Ayer anabwerera m'mbuyo ndithu. Simon Blackburn wa ku England, amene amakhulupirirabe kuti makhalidwe amayambira mumtima wa munthu, anagwira ntchito yaikulu yosonyeza kuti tili ndi ufulu wonena kuti "n'zoona kuti nkhanza n'zoipa," ndiponso kuti zikanakhalabe zoipa ngakhale tonse tikanazikonda. Pa kafukufuku wa 2020 wa PhilPapers, tsamba la pa intaneti la zolemba za filosofi, akatswiri a filosofi pafupifupi 62 pa 100 alionse amene anayankha anali kumbali yakuti zoona za makhalidwe zilipo ndipo sizidalira maganizo a munthu. Kuchuluka kwa ovomereza sikuthetsa mkangano wa mtundu uwu, ndangotchula kuti mwanayo asaganize kuti ophunzira onse ali mbali yake.

Tsopano pali mbali imene ndikufuna muimve inuyo, bambo, chifukwa mfundo yanga ili ndi mtengo wake. Ngati mawu a makhalidwe angakhale oona, ndiye kuti angakhalenso abodza, ndipo a komiti nawonso akhoza kuphonya. Kukhala ndi udindo kapena imvi sikusandutsa mawu a munthu kukhala oona. Anyamata aja mwina anachokera m'nyumba imene munalibe ndiwo masiku atatu. Kukokolola kasawala kumakhalabe kowononga, koma mlandu wa munthu wanjala sulemera mofanana ndi wa mwini maukonde ambiri amene akuphwanya malamulo omwewo pofuna kuonjezera chuma. Komiti ikamalanda neti kwa ana a mayi wamasiye n'kumayang'ana kumbali mwini khoka la nkacha akamapha nsomba nyengo yotseka, mawu akuti "komitiyi ikukondera" adzakhala oona mofanana ndi mawu anu aja, ndipo simudzatha kuwakana ponena kuti ndi maganizo chabe a anthu odandaula. Palinso milandu yovuta imene anthu anzeru ndi oona mtima amalephera kugwirizana, monga kuchuluka kwa chilango choyenera kapena chochita ndi banja limene lilibe njira ina yopezera chakudya. Kuvuta kwa funso sikutanthauza kuti lilibe yankho, koma kumatiuza kuti tizimvetsera tisanagamule.

Ndikuganiza kuti n'zimene mwanayo akuopa pansi pa mtima. Achinyamata ambiri amene amati "aliyense ali ndi maganizo ake" anaonapo akuluakulu akugwiritsa ntchito mawu akuti "n'kulakwa" ngati chibonga, ndiye amaganiza kuti njira yotetezera ofooka ndi kuwalanda onse chibongacho. Koma akatero amalandanso wofookayo mawu okhawo amene ali nawo, akuti "mwandilakwira."

Akadzabwera patchuthi, mutengeni mupite naye kugombe m'mawa maboti akamafika. Mufunseni ngati kugulitsa anthu kumene kunkachitika pa Shire kunali kolakwa panthawiyo kapena kunadzalakwa pambuyo pake, ndipo mumupatse mpata ayankhe mosamudula. Kenaka mumulole nayenso akufunseni za maneti amene komiti yanu inalanda chaka chino, kuti anali a yani, ndi amene simunalande kuti anali a yani.